Nyali za Ngolo ya Akumu

Kwathu ku Shumadiya mapulamu akapsa anthu amapenga. Aliyense amafuna athyole lero, athire m'migolo lero, kuti rakiya wake, kachasu wa mapulamu, atchezedwe wa mnzake asanayambe n'kununkhira komwe, ndipo misewu imadzaza mathirakitala okalamba okoka ngolo zosefukira. Nyengo imeneyi ndiyo inkamudwalitsa mutu Vidoje, wapolisi wa pamsewu wa m'dera lathu.

Anthu ankamutcha Babu, kumbali ndithu, osati pamaso pake. Liwiro ankatha kukukhululukira, lamba ankangokuloza ndi chala, koma nyali ayi. Lamulo lake ankalinena ngati pemphero: kukangoyamba chisisira, chilichonse choyenda pamsewu chiyatse zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, ndipo chosayatsa chichotsedwe pamsewu pomwepo. Anaimitsapo wansembe. Anaimitsapo mdipiti wa ukwati, mkwatibwi n'kumalira m'galimoto, zonsezo chifukwa cha kababu kamodzi. Ukamudandaulira ankangoti, "Ine ndatolapo anthu pamsewu, achimwene. Gulani babu."

Chaka chimenecho Vidoje anali pa chimwemwe chimene sanachiyembekezerenso. Iye ndi mkazi wake Zorka anakhala m'banja mpaka imvi kuyamba kusuzumira, mwana osaoneka, ndipo anthu atasiya kale kufunsa, kunabadwa mtsikana. Mwanayo anali asanatchedwe dzina. Kwathu bambo kapena mayi satcha dzina, amatcha ndi akumu, munthu amene anakuimirira pa ukwati, amene adzanyamule ana ako pa ubatizo monga mmene bambo ake anakunyamulira iwe. Timati Mulungu kumwamba, akumu pansi pano. Akumu sukangana nawo, suwakaniza kanthu, ndipo akakutemberera palibe wansembe angakumasule. Akumu a Vidoje anali a Milutin, mlimi wa mapulamu wa kutsidya kwa mlatho, ndipo ukumu wa mabanja awiriwa unayamba ndi agogo a agogo awo. Podikira tsiku la dzina, mwanayo ankangomutcha Kamwana.

Madzulo ena Vidoje anaweruka n'kulowa m'kagalimoto kake kakale, mtima uli kunyumba. Anesi a Radmila, amene ankazungulira m'midzi kusambitsa makanda ndi kuona mchombo, ankabwera kwa Vidoje cha nthawi imeneyo, ndipo iye ankafuna aonereko kuti tsiku lina adzasambitse mwana wake yekha. Malaya a yunifolomu anali akadali m'thupi, koma chovala chonyezimira ndi kathabwa kofiira koimitsira galimoto anazisiya ku ofesi. Dzuwa linali litalowa, kunja kuli mbuu, nthawi yoipa ija imene maso amanama kuti akuona.

Atadutsa pa tchalitchi anangoona chimdima chikuyenda patsogolo pake. Anaponda buleki, mtima unadumpha. Inali ngolo ya thirakitala yodzaza makreti a mapulamu, kumbuyo kulibe ndi kanyali komwe, pamwamba pa makretiwo patakhala munthu. Vidoje anaipitirira, anaima patsogolo, anatuluka n'kukweza dzanja ali wolusa kale. Thirakitala inatsokomola n'kuima, ndipo pampando panali a Milutin.

"Ha, ndi inu akumu? Ine ndimati ndi boma!"

"Ndine boma lomwelo. Akumu, mukufuna kundiphera anthu? Ngolo yanu kumbuyoku ili bii ngati kumanda."

"Waya, akumu, waya. Chitsa chamukola m'munda muja. Tepi ili pawindo kunyumba, ndikangofika ndimanga. Kamwana kali bwanji? Kakuyamwa?"

"Kakuyamwa. Musandisinthire nkhani."

Wa pamwamba pa makreti uja anali a Obrad, nkhalamba yopanda munda imene inkathyolera anthu mapulamu chaka ndi chaka. Anasuzumira pansi chipewa chili m'manja.

"A Babu… pepani, abwana Vidoje, tisiyeni tizipita. Msana wauma uwu, ndipo m'mimba mukuimba nyimbo za maliro."

Lamulo Vidoje ankalidziwa kuposa dzina lake. Ngolo imeneyo inayenera kukankhidwira m'mbali mwa msewu n'kugona pompo mpaka kutacha, a Obrad n'kutsika. Akanakhala munthu wina, sakanataya ndi malovu omwe. Koma awa anali akumu, amene masiku omwewo ankayenera kulowa m'nyumba mwake kudzatcha mwana amene anamudikira moyo wake wonse. Ungawagonetse panja ndi zipatso zawo lero, mawa n'kuwatsegulira chitseko? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Chabwino," anatero. "Tiyeni. Ine ndikhala pambuyo panu ndi nyali zanga mpaka pageti panu. Koma osathamanga."

"Kuthamanga ndi chimenechi?" a Milutin anaseka n'kumenya chitsulo cha thirakitala. "Chikathamanga ichi ndikachilembetsa mpikisano."

Ananyamuka, thirakitala patsogolo, Vidoje pambuyo. Ulendo wake unali wa kamba. A Obrad ankamuseketsa pomugenda ndi mapulamu pagalasi, koma iye maganizo anali pa madzi osamba amene ankazizira kunyumba. Pamphambano yolowera kwawo anayang'ana kumanzere n'kuona windo la chipinda cha mwana likuwala. Kwa a Milutin kunatsala pang'ono, kutsetsereka, kukhota pa mlatho, basi. Msewu unali zii. Mtima unamunyengerera kuti munthu amene wayenda msewu umenewu chibadwire sangaonekedwe kanthu pakamtunda kotsalako. Analiza hutala, a Milutin anakweza dzanja osacheuka, ndipo Vidoje anakhota.

Pageti anapeza anesi a Radmila akuika chikwama chawo m'galimoto. Anali mayi wathupi, woseka mokweza, amene anasambitsa theka la ana a m'dera lathu ndipo ankakalipira amuna ngati kuti nawonso anawasambitsa.

"Mwachedwa, bambo! Mfumukazi yasamba, yadya, tsopano ikudikira kuti mukapepese."

"Pepani anesi, msewu. Simumwa khofi?"

"Khofi wa chiyani? Ndikuthamangira kutsidya kwa mlatho, kuli kena ka mchombo wosauma. Tanditsegulirani getili."

Kutsidya kwa mlatho. Vidoje anagwira geti mawu atafika kale pamilomo: anesi, samalani, kutsogoloko kuli ngolo yopanda nyali. Koma Babu anganene bwanji zimenezo? Mayi ameneyu akanamufunsa pomwepo kuti, nanga inu mwaisiya bwanji, ndipo pofika mawa chipatala chonse chikanakhala chikuseka. Anadziuza kuti akumu afika kale. Anameza mawuwo n'kulavula ena.

"Muyende bwino, anesi."

Anaima n'kumayang'ana galimotoyo ikutuluka. Mwa chizolowezi anaona kuti nyali zake zofiira zonse ziwiri zikuyaka bwinobwino, ngakhale kanyali ka pa nambala.

M'nyumba Zorka anamupatsa mwana akununkhira sopo. Anali asanakhale n'komwe pansi pamene anamva phokoso kutali, ngati munthu wagwetsa mgolo wopanda kanthu. Agalu a kumtsinje anayamba kuuwa. Vidoje anabweza mwana m'manja mwa mayi ake n'kutuluka akuthamanga.

Pa mlatho mapulamu anali mbwee msewu wonse, oterera pansi pa nsapato, fungo lake lotsekemera mpaka kunyansa. Galimoto ya anesi inali italowa mphuno pansi pa ngolo. A Obrad anagona chagada m'mbali mwa msewu, ndipo anesi anagwada pambali pawo, magazi akutsika pamphumi pawo pomwe, manja akugwira ntchito, pakamwa pakungobwereza.

"Sindinaione. Mulungu wanga, sindinaione. Yangotulukira ngati khoma."

A Milutin sanali pafupi ndi wovulalayo. Ananjuta pakati pa thirakitala ndi ngolo, akupuma mwawefuwefu. Kunyumba kwawo kunali pafupi, ndipo nkhalamba ikachita mantha imathamanga. Ataimirira, nyali ya kumanja ya ngolo ija inayaka, yofiira piriwiri. Ya kumanzere inali itaphwanyika. Vidoje anaunika ndi tochi ndipo anaona tepi yatsopano yabuluu itakulungidwa pa waya, chinthu chokhacho choyera pa ngolo yonse yamatope. Anayang'ana akumu, akumu anayang'ana iye. Ambulansi itanyamula a Obrad, apolisi ofufuza ngozi anafika kuchokera ku tauni n'kuijambula bwinobwino nyali yoyakayo.

Patapita tsiku a Milutin anabwera ndi botolo la rakiya wa chaka chatha. Anakhala pakhonde pansi pa mpesa. Zorka anabweretsa timatambula ndi tchizi n'kubwerera kwa mwana.

"Akumu," anayamba a Milutin, "ndikufunseni za malamulo, poti inu ndinu odziwa. Wapolisi akafuna kuimitsa galimoto amatani?"

"Mukudziwa kale."

"Ine mlimi, ndidziwa chiyani? Tandiuzani."

"Akhale pantchito. Avale chonyezimira kuti aoneke. Akweze kathabwa."

"Eya. Madzulo aja munali pantchito?"

"Ndinali nditaweruka."

"Chonyezimira munavala? Kathabwa kanali kuti?"

"Ku ofesi."

"Ndiye simunandiimitse ine. Munakweza dzanja, inenso ndinakweza langa. Ameneyo ndi moni. Kodi masiku ano moni wa akumu amakaunena kupolisi?"

"Nyali zinali zozima, akumu."

"Zinali zoyaka. Anzanu anajambula."

"Nanga tepi ija?"

"Tepi ilibe tsiku lobadwa."

Anatero m'maso muli gwa. Kenako nkhalambayo inagwa mphwayi, mawu n'kuchepa.

"Ndakalamba ine, akumu. Ndende sindingaithe, ndikafera momwemo. Nanga inu? Akamva kuti Babu anaona ngolo yozima n'kuisiya ipite, yunifolomuyo akuvulani tsiku lomwelo. Kamwanako kazidzadya malamulo? Anesi aja ndi a boma, boma silidya ana ake. Awalanda laisensi pang'ono, kenako awabwezera. Obrad ndi wolimba ngati mwala, adzuka. Ife ndi inu tinachokera kutali. Bambo anga anakunyamulani muli kakhanda mukukodzera wansembe. Chibale ndi fupa, sichiola."

Vidoje anamwa rakiyayo. Anali wabwino, ndipo zimenezi zinamupweteka kwambiri.

A Obrad sanadzuke. Anamwalira kuchipatala osatsegulanso maso, ndipo nkhani ya kulanda laisensi pang'ono ija inasanduka mlandu wa imfa. Anthu anayamba kutchula za ndende. M'mabala munabadwa mboni zambirimbiri zimene sizinaliko: wina akuti anesi ankayankhula pa foni, wina akuti mayi ameneyo amayendetsa ngati akuthawa moto. Anthu athu pakamwa sadya nyemba zokha.

Mkulu wa apolisi ofufuza ngozi aja anakumana ndi Vidoje pakhonde la ofesi, kapu ya khofi ili m'manja.

"Babu, paja njira yakwanu ndi yomweyo. Mayi uja akulimbikira zoti ngolo inali yozima. Iweyo sunaiimitse thirakitala imeneyi madzulo amenewo?"

Mawu a akumu anatuluka okha pakamwa pa Vidoje, osalala ngati opaka mafuta.

"Tsiku limenelo sindinaimitse thirakitala iliyonse."

"Ndinadziwa ine!" mkuluyo anaseka n'kumumenya paphewa. "Ikanakhala yozima pamsewu wa Babu, bwenzi itagona m'ngalande. Ndikamuuza woimira boma pa mlandu zomwezo."

Sanalumbire, sanasaine kanthu, ndipo mwa lamulo sananame. Ankadziuza zimenezi pometa ndevu, pomanga nsapato, poyendetsa galimoto. Koma chimene chinkamudya n'choti dzina limene analimanga zaka zonsezi povutitsa anthu ndi mababu ndilo linasanduka chingwe chomangira mayi wosalakwa. Pa maliro a a Obrad ananyamula nawo bokosi, ndipo linali lopepuka modabwitsa. Pamsewu dzanja linayamba kumulemera. Galimoto ya diso limodzi inkadutsa iye akuyang'ana kathabwa kake ngati sakukadziwa ntchito yake, ndipo anthu ankati ubambo wamufewetsa Babu.

Zorka ankaphika jamu wa mapulamu monga amachitira mkazi aliyense nyengo imeneyo, ndipo fungo lake linkamuthamangitsira Vidoje kuseri kwa nyumba kukasanza.

"Vido, chikukudya n'chiyani?"

"Ntchito."

"Ntchito unayamba liti? Madzulo aja unamva phokoso n'kuthamanga osafunsa kuti n'chiyani. Munthu amayamba wafunsa."

"Ndine wapolisi, Zorka."

"Ndiye ukhale wapolisi," anatero mkaziyo, n'kupitiriza kutakasa jamu wake.

Tsiku la dzina linachedwa chifukwa cha maliro, koma linafika. Anaotcha kankhumba, achibale anadzaza pabwalo, woimba kodiyoni anabwera yekha atamva fungo. A Milutin analowa atavala suti yawo ya ukwati ndi maliro, anapsompsona Vidoje katatu m'masaya monga mwa mwambo, ndipo Vidoje anamva kuti nkhalambayo yaonda. A Milutin anaimirira pafupi ndi kandulo, Zorka anawapatsa mwana, anthu onse anakhala chete. Dzina limene akumu asankha sauza munthu, ngakhale mkazi wawo, mpaka nthawi imeneyo.

A Milutin anayang'ana kankhope kaja kwa nthawi, kenako anakweza maso n'kuyang'ana Vidoje.

"Svetlana," anatero.

Pabwalo panabuka chisangalalo. Svetlana, ndiko kuti Kuwala! Azakhali analira, Zorka analira, wa kodiyoni anakoka nyimbo. Dzina labwino, lachikale, loyenera mwana wobwera nyumba itada kale. Palibe angadziwe chimene chinali mumtima mwa a Milutin: kaya ankathokoza, kaya ankapepesa, kaya ankakhoma msomali kuti akumu awo asadzatsegulenso pakamwa, kapena nawonso mawu okhawo ndi amene ankawazungulira m'mutu tulo tikawathawa. Vidoje anaseka nawo, anamwa nawo. Mwa mayina onse a padziko, mwana wake anapatsidwa lomwelo limene iye sakanatha kulimva osaona tepi yabuluu.

Masiku anapita, nyumba yonse ikuti Svetlana, Svetlana, koma bambo ake ankangoti Kamwana. Ankayesa ali yekha m'galimoto, dzinalo n'kumukanirira pakhosi ngati njere ya pulamu. Mwana anayamba kumwetulira, iye n'kumayang'ana kumbali. Anali ndi manyazi pamaso pa khanda losadziwa ngakhale dzanja lake lomwe.

Anesi a Radmila sanawachotse ntchito, ankadikira chigamulo cha khoti. Tsopano ankayenda pa basi, kotsalako wapansi, chikwama ndi sikelo zili paphewa. M'nyumba zina khofi anasiya kuwapatsa, ndipo mayi wina anawabweza pakhomo, ati safuna manja atsoka pa mwana wake. Mvula yoyamba ya dzinja itagwa anafika kwa Vidoje kudzayeza mwana, nsapato zili matope okhaokha. Anali ataonda, pamphumi pali chipsera, ndipo kuseka kwawo kuja kunali kutachoka. Vidoje anali pa tchuthi tsiku limenelo ndipo analibe kothawira. Zorka anapita kukhitchini kukatereka khofi.

Anesi anamuvula mwana, anamuika pa sikelo, anamutsina timasaya.

"Onani kunenepa! Uyu akudya ngati wapolisi. Ndiye mfumukazi yathu akumu anaitcha ndani?"

Vidoje anayang'ana kuchitseko cha kukhitchini, koma Zorka sanatulukire. Anatsegula pakamwa, anatseka, anatsegulanso.

"Svetlana."

Kanali koyamba kulitchula.

"Aa, Kuwala," anatero anesi, ndipo anamwetulira pang'ono akumuveka mwana kamalaya. "Wabwera bwino, Kuwala. Ukanafulumira pang'ono ukanandithandiza pa mlatho paja. Mwinatu lero n'komaliza kukuyeza, mayi. Mawa ndili kukhoti, ndipo loya wanga akuti ndinyamuliretu zovala zofunda."

Anazinena mopanda kudandaula, ngati akunena za nyengo. Akanakhala kuti analira kapena kutukwana, mwina Vidoje akanapirira. Koma mayiyo ankamanga mabatani a mwana wake mosamala, limodzilimodzi, ndi manja omwe aja amene anthu ankati ndi atsoka.

"Zinali zozima, anesi."

"Mwati?"

"Nyali za ngolo ija. Zinali zozima."

"Zimenezo ndikudziwa, bambo. Ine ndinaliko."

"Inenso ndinaliko."

Manja aja anaima pa batani lomaliza. Vidoje anayamba kufotokoza ataweramitsa mutu, ndipo sanasiyeko kanthu. Ananena za chimdima cha pa tchalitchi, za dzanja limene anakweza, za waya ndi tepi ya pawindo. Ananena mmene analonjezera kuwaunikira akumu mpaka pageti, ndi mmene anakhotera pamphambano chifukwa cha windo lowala. Chovuta kwambiri anachisiyira kumapeto, koma anachinenabe: kuti anawatsegulira geti akudziwa chimene chili kutsogolo, n'kungowauza kuti ayende bwino, poopa kusekedwa. Pomaliza anaona kuti Zorka waima pachitseko ndi thireyi ya khofi, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wodabwa.

Mwana ankasewera ndi chala cha anesi.

"Mukudziwa chimene chimandisowetsa tulo?" anatero anesiwo. "Si ndende. Anthu onse akamati nyali inkayaka, chithunzi chikuti inkayaka, ngakhale Babu akuti palibe chimene anaona, umayamba kukhulupirira. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kapena inkayakadi, kapena ndinaphethira, kapena ndinamupha ndine mdala uja ndi maso anga okalambawa. Ndinapita kukayezetsa maso, bambo. Kawiri konse."

"Pepani, anesi."

"Pepani mukawauze a Obrad. Ine pepani sanditulutsa kukhoti."

"Ndikanena. Mawa ndikanena zonse pamaso pa woweruza."

"Mukudziwa kuti yunifolomu akuvulani? Ndipo akumu anu sadzapondanso pakhomo pano. Mwanayu adzamunyamula ndani pa ubatizo?"

Vidoje anayang'ana Zorka. Mkaziyo anaika thireyi patebulo, anatenga mwana m'manja mwa anesi n'kumukumbatira pachifuwa.

"Dzina analandira kale," anatero Zorka. "Chatsala n'choti bambo ake azitha kumuitana."

Anesi anamwa khofi wawo ataimirira, anapinda sikelo, anakoleka chikwama paphewa. Kunja mvula inali itayambiranso, ndipo cha kumlatho kunkamveka thirakitala ikutsokomola pokwera mtunda. Vidoje ankaidziwa thirakitala imeneyo ndi kulira kwake komwe, ndipo mtima unamuwawa ngati wamva za maliro a bambo ake. Anatenga makiyi pa msomali.

"Musayende pamvula. Ndikuperekezani lero, ndipo mawa m'mawa ndidzakutengani ndine kupita kukhoti."

Anesi a Radmila anaima pakhomo n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumaso, monga amayang'anira khanda limene sakukhulupirira kulemera kwake.

"Chabwino, bambo a Svetlana," anatero. "Koma mundiuziretu. Mukandifikitsa mpaka m'kati, kapena mukandisiya pamphambano?"